Maso Amene a Nambewe Analephera Kuwatcha Dzina

Ana inu, zidzukulu zanga, iwe Tereza ndi iwe Paulo, pamodzi ndi kamng'ono kanu kamene kadzachite kuwerengeredwa,

Pa feriya yathayi, tchuthi chanu chija, munandiseka. Musakane, ndinakumvani muli kuseri kwa nkhokwe. Mtsikana wa tsidya la msewu atabwera kudzandionetsa khanda lake, ine osafunsa dzina, osafunsa kuti wachira bwanji, ndinangolilandira n'kutuluka nalo panja, kulitembenuzira kowala n'kumalisuzumira m'maso ngati munthu wosankha nyemba. Iwe Paulo unachita kunditsanzira ndi chidole cha mlongo wako, msana wopinda, mphuno pafupi ndi mphuno. Unakhoza, sindikukana. Koma popeza mwayamba kutha kuwerenga, ndati ndikulembereni kumene khalidwe limeneli linachokera, kuti mukamaseka muziseka mukudziwa.

Choyamba ndivomere kuti ndine munthu wamantha. Mayi anu amati ndimadera nkhawa ndi mvula imene ikugwa ku Zambia. N'zoona. Ndinali choncho ndili mtsikana, ndipo nditabereka zinanyanya.

Inu a masiku ano mawu a maso muli nawo ochepa zedi. Mnzanu akavala mandala mumati "kwatro-olyu", maso anayi, mwamaliza. Zotsalazo mumatumizirana tinkhope tachikasu pa telefoni, kena kotsinzina diso limodzi, kena kolira. Ife tinalibe tinkhope, tinali ndi pakamwa. Munthu ankatha kutuzula maso, kuwatong'ola, kuyang'ana dwii osaphethira, kapena kukuponyera diso la nkhwezule, lija la cham'mbali loti ukalilandira chakudya sichitsika. Mwamuna wosakhazikika tinkati ali ndi maso patalipatali. Wonama mopanda manyazi tinkati m'maso mwake muli gwa. Chikope chikayamba kunjenjemera chokha tinkafunsana kuti ndi cham'mwamba kapena cham'munsi, chifukwa china chimaitana mlendo, china chimaitana misozi. Ine zanga zinkanjenjemera zonse ziwiri, ndiye sindinkadziwa ngati ndisese pabwalo kapena ndiyambiretu kulira.

Ndipo kakuda kaja ka pakati pa diso, kamene mabuku a ku shikola amati pupila, ife timati kamwana ka m'diso. Kayang'anitsitseni diso la mnzanu pafupi, muonamo kamunthu kakang'ono kakukuyang'anani. Kothawa nkhondo kuja tinalibe galasi, ndiye Lamulungu m'mawa atsikana tinkagwirana mapewa n'kumadziyang'anira m'maso mwa mnzathu ngati duku lakhala bwino. Ine mpaka lero ndikakaona kamunthu kameneka, thupi limachita tsembwe. Kadontho kochepa kuposa njere ya nandolo, koma mumalowa munthu wathunthu, phiri, ng'ombe ndi ngolo yomwe.

Koma mwini wake wa mawu a maso, amene ankawaweta ngati nkhuku, anali a Nambewe a ku Chidzolomondo. Kuti ndifike kwa iwo, ndiyambe ndakuuzani mmene ndinapezekera kumeneko.

Kwathu ndi kuno ku Ntengo-Wambalame, mukudziwa. Nkhondo itavuta tinathawira kutsidya ku Malawi, ine ndili kabuthu, ndipo tinakhala komweko mpaka mtendere. Pobwerera tinapeza mtengo utamera m'kati mwa nyumba yathu, mapichesi a bambo anga atasanduka nkhalango. Ine mutu unkagwira, choncho boma litayamba kufuna aphunzitsi ndinapita ku Tete kukachita kurso ya uphunzitsi. Kutentha kwa ku Tete, kwa munthu wobadwira m'chifunga! Inu munabadwira komweko, simungamve. Ndinabwerako ndi zinthu ziwiri zimene ndinkanyadira: setifikadu, ndi buku lalikulu lomasulira mawu a Chipwitikizi, disiyonaryu, limene ndinkalikulunga m'nsalu ya kapulana ngati mwana.

Ananditumiza ku Chidzolomondo, ku Macanga. Masiku ano mumakwera shapa, timinibasi tija, n'kumadandaula kuti mipando ikuuma. Ife tinkadikira lole m'mbali mwa msewu, mwina ibwera lero, mwina mawa, ndipo ukatsika unkaponda pokhapo pamene padutsa ng'ombe, kuopa zokwiriridwa pansi zimene nkhondo inasiya. Shikola yake inali pansi pa mkuyu. Polembapo chinali chitseko chakale chopakidwa makala, ana n'kumalemba pansi ndi zala. Midzi yake inali yotalikirana, uku nyumba zingapo, uko munda wa chimanga, uko wa fodya, ndipo kumsika unali ulendo wonyamuka mame asanaume.

Pamsika umenewo a Nambewe ankagulitsa fodya wa mphuno. Anali mayi wamfupi, wa timaso ting'onoting'ono ngati mphodza, koma timaso timeneto sitinkaphonya kanthu. Sankaitana munthu ndi dzina la ubatizo. Ankakuyang'ana kamodzi n'kukupatsa dzina lochokera pa maso ako, ndipo dzinalo linkakumatirira kuposa chisoso.

"A Matuzu, mwadzuka? Tabwezani maso m'chigaza, agwera m'fodya wanga!"

A Matuzu anali bambo wogulitsa nsomba zouma. "Inu a Nambewe, pakamwa panupo padzamera bowa."

"Pamere, ndidzagulitsa. Mudzagula ndinu nomwe."

Katekisita wathu, bambo woopa Mulungu, ankaphethira kwambiri akamalalikira, ndiye anasanduka a Phethiphethi mpaka m'kalasi la ubatizo. Wina wokonda kachasu anali a Psuu. Mmisiri wa njinga, amene diso lina linkayang'ana kum'mawa lina kumadzulo, anali a Bilimankhwe, ndipo ankavomera mokondwa, ati ntchito yake imafuna kuona matayala onse awiri nthawi imodzi. Malemu agogo anu aamuna, a Zakaria, panthawiyo anali mnyamata wolima fodya amene ankangopezeka pafupi ndi shikola popanda chifukwa. Iwowo anawatcha Ng'ombe ya Pangolo, chifukwa cha maso awo aakulu, ofatsa, onyowa ngati akupepesa. Kayang'aneni chithunzi chawo chili pakhoma kwanuko, mundiuze ngati a Nambewe ananama.

Nanga ine? Tsiku loyamba lenileni kuponda pamsikapo ndinamva, "Eee, atitumizira ndani uyu? Maso ngati mbewa yopanidwa pa diwa! A pulofesora, mwaona chiyani choopsa, tiuzeni tithawire limodzi!" Msika wonse unaseka. Kuyambira pomwepo ndinali a pulofesora a Padiwa. Ndinalira nditafika kunyumba. Pambuyo pake ndinazindikira kuti munthu amene sanatchedwe dzina ndi a Nambewe anali ngati sanafike. Dzina lawo linali madzi olandirira mlendo. Ndinayamba kuwakonda, moti nthawi zina ndinkatsegula disiyonaryu kufuna mawu a Chipwitikizi ofanana ndi awo n'kukawauza. Iwo amvekere, "Kani azungu nawonso amanyozana maso? Ndiye kuti ndi anthu."

Tinakwatirana ndi agogo anu, ndipo patapita nthawi mayi anu anabadwa. Joana wanga. Inali nyengo yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe.

Masiku ano mwana amabadwira ku maternidade, mawa lake chithunzi chake chafika kale ku Maputo. Ife tinkabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo ngakhale atatuluka, khanda linali chinthu choopedwa. Panali lamulo limene palibe ankalitchula koma aliyense ankalisunga: pa khanda sutchula choipa. Ukaona chilema, umayamikira china. Sikuti anthu anali abodza ayi. Kutchula chilema pa khanda kunali kuloza chala, chifukwa funso lotsatira linali lakuti, walakwa ndani? Kodi bambo wake wayenda kunja mwana akadali wanthete n'kumudula? Kodi mayi wake anathira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera? Kapena alipo wachita kaduka? Zina mwa izi mudzazimva bwino mukadzakula. Panopa mungodziwa kuti mawu amodzi ankatha kupasula banja, choncho pakamwa pa anthu pankatuluka uchi wokhawokha.

Joana anabadwa ndi manthongo, monga makanda ambiri. Amayi achikulire anandiuza kuti ndizimufinyira mkaka wa m'mawere m'maso, ndinachita, manthongo n'kutha. Koma mwezi ndi mwezi ndinayamba kuona chinthu. Khanda likamayamwa limayang'ana nkhope ya mayi wake. Ndinkaona a anzanga akutero. Wanga ankayamwa akuyang'ana kupyola ine, ngati pali wina waima kumbuyo kwanga. Ndikalankhula ankaseka. Ndikamwetulira chete, iye zii. Chokhacho chimene ankachitembenukira linali dzuwa. Ukamugoneka pamphasa ankapotoza kakhosi mpaka atalipeza, n'kumaliyang'ana osaphethira, chinthu chimene ngakhale munthu wamkulu sangathe. Ndipo pakati pa maso ake onse awiri, pamene payenera kukhala pakuda, panali mbuu, ngati dontho la phala. Ndinkasuzumira kufuna kudziona m'menemo. Ine munalibe.

Ndikafunsa, amayi ankandiyankha ndi uchi uja.

"Maso a mwezi awa, a pulofesora. Adzavutitsa anyamata."

"Watengera azungu a m'mabuku anuwo."

Apongozi anga, mayi wabwino amene sanandinenepo choipa, anati, "Ndi mkaka uja munkamuthira, wakhazikika pansi. Usungunuka kukayamba kutentha."

Mawu amenewa ndinawagwira ndi manja awiri, koma ankandiotcha. Ngati ndi mkaka, uchoka. Koma ngati ndi mkaka, ndiye kuti anauthira ndine. Kutentha kunabwera, masuku anapsa, mvula inagwa, mkaka osasungunuka. Ndinatsegula disiyonaryu n'kupeza mawu akuti catarata, imene ndi ng'ala, koma aliyense ankadziwa kuti ng'ala ndi ya okalamba, ndipo ndinatseka bukulo msanga ngati landiluma. Posto ya zaumoyo inali chigoba chopanda denga chisiyireni nkhondo. Ndinkaphunzitsa ana a eni ake zilembo, wanga ali kumsana, ndikudzifunsa: kodi uyu adzamuona "a" ameneyu? Agogo anu ndikawayamba nkhaniyi ankangoti, "Amayi anena kuti ndi mkaka," n'kutola khasu.

Miyezi yonseyo kumsika sindinkapita, ndinkachita kutuma. Ndinkaopa a Nambewe. Ndinkaopa dzina limene angamupatse mwana wanga, msika n'kuseka, dzinalo n'kumumatirira mpaka ukwati. Koma tsiku lina, nyengo yothyola fodya, ndikusambitsa mwana, ganizo linandifikira: m'dera lonseli alipo munthu mmodzi yekha amene sadziwa kuthira uchi. Ndinabereka mwana, ndinanyamuka, miyendo ikufuna kubwerera yokha.

Atandiona patali anayambapo. "Taonani, a Padiwa atuluka kuuna! Ife tinkati diwa linamaliza ntchito. Bwerani naye kuno mlendoyo, mwakhala mukutibisira ngati mchere wa m'nkhondo."

Anthu anasendera, mano ali panja kale, kudikira kuseka. Ndinamasula mwana. Ndinati, "Mutcheni dzina, a Nambewe. Aliyense pano munamutcha. Uyunso."

Anatambasula manja, kenako anawabweza. Anapempha madzi kwa mayi wogulitsa thobwa, anasamba fodya yense m'zala mpaka m'zikhadabo, n'kupukutira kunsalu. Pamenepo m'pamene anamulandira. Anamutembenuzira kowala. Anayang'ana diso ili, anayang'ana linalo. Anayendetsa chala patsogolo pake mwakachetechete. Ana inu, msika ndinaumva ukuzima, kuyambira pafupi mpaka kwa ogulitsa nsomba. Mayi amene sankasowa chonena ngakhale pamaliro, milomo inangoti gwedegwede, dzina osatuluka.

"Amake Joana," anatero. Anali asanandiitanepo choncho chiyambire. "Maso awa sindingawatche ine. Dzina ali nalo kale. Iyi ndi ng'ala."

"Aaa, a Nambewe!" wa thobwa uja anakuwa. "Khanda ng'ala? Lavulani, lavulani msanga!"

"Sindilavula. Ndakutukwanani nonse pamsika pano chibwerereni kothawa, ndipo mawa ndidzapitiriza. Lero lokha sindikutukwana." Anandibwezera mwana n'kumukonza kachipewa. "Kutsidya kuja tinkakhala, si kunali chipatala cha mishoni kumene nkhalamba zinkapita ndi ndodo n'kubwerako zikulowetsa ulusi pa singano? Inunso munali komweko, mukukudziwa. Ngati amachotsa ya nkhalamba, kafunseni ngati ya khanda imawakanika."

Chodabwitsa n'chakuti sindinalire. Ndinamva ngati anditula mtolo. Chinthu chopanda dzina sungapite nacho kwa dotolo. Tsopano chinali ndi dzina, ndipo msika wonse unalimva, panalibenso kubweza.

Ndidumphe pang'ono, ndingaiwale. Patapita zaka, mayi anu akuyenda okha ndi mandala awo okhuthala aja, a Nambewe anawaona akulowa pamsika n'kukuwa, "Patukani, patukani, akudutsa a Matako a Botolo!" Ine ndinatula dengu n'kuvina. Anthu ankati pulofesora wapenga, mwana wake watukwanidwa iye n'kumavina. Sankadziwa kuti dzina limenelo ndinalidikira bwanji. Koma musayerekeze kukawaitana choncho mayi anu, mukamakwapulidwa ine kulibe.

Tibwerere. Nkhani inandipitirira panjira, inakafika kunyumba ine ndisanafike. Agogo anu ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni wake. Sanatukule mutu.

"Mwandivula pamsika, amake Joana."

"Dzina lanu sindinalitchule."

"Simunachite kutchula. Mawa azinena kuti Zakaria anadula mwana wake. Ine, amene ndimachoka kumunda n'kulowa m'nyumba!" Anasoka masamba angapo mwaukali. "Ndiye mukufuna akamulowetse mpeni m'diso? Diso si thumba loti akang'amba asokanso."

"Ndikufuna akamuone basi."

"Nanga akakamuboola? Panopa dzuwa amaliona. Mukufuna nalonso limuthere?"

Mantha amenewo anali anganso. Ndinangoyala chiguduli pakati pa chigafa, ndinagoneka mwana, ndinati, "Musalankhule. Muyandikireni chete."

Anapukuta manja, anagwada. Anaika nkhope yawo yonse, ndi maso awo a ng'ombe aja, pafupi ndi nkhope ya mwana. Anamwetulira. Anatulutsa lilime. Anakweza nsidze, anafufumitsa masaya, anachita zonse zimene bambo wamanyazi sachita mkazi wake akuona. Mwana ankangoyang'ana kumene kuwala kunkalowera pakati pa masamba a fodya. Kenako fungo la fodya linawakola pakhosi, anatsokomola. Pomwepo Joana anadzidzimuka n'kuseka, timanja m'mwamba, kufunafuna bambo ake amene anali pamphuno pake nthawi yonseyo.

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kutuluka. Ndinangomva panja pompa ikulira, akupopa njinga. Fodya, amene akapsa sadikira munthu, anamusiyira achimwene awo. Apongozi anabwera ndi zigumu zokulunga m'masamba a nthochi ndi chimanga chokazinga. Za mkaka sanazitchulenso. Anangomupsompsona mwana pamphumi n'kuti, "Mukayende bwino," misozi ili m'masaya.

Kamba wathu anali ameneyo, osati mabolasha ndi refresko, mabisiketi ndi zakumwa za m'botolo zija, zimene inu mumalirira shapa isananyamuke. Tinapalasa njinga mpaka kumsewu waukulu, tinakwera pamwamba pa lole ya matumba, mvula ikutipeza n'kutisiya, mpaka tinafika kuno kwathu. Inali nthawi imene mbatatesi imachita maluwa. Inu mumabwera pa feriya itakumbidwa kale, simunaone. Chifunga chikanyamuka m'mawa, zitunda zonse za ku Tsangano zimakhala zoyera ndi zofiirira mpaka kumene maso alekezera. Ndinabadwira momwemo koma ndinali ndisanaziyang'anepo bwino. Tsiku limenelo ndinkaziyang'ana ngati ndikuyang'anira anthu awiri, ndipo ndinayamba kumufotokozera wakumsanayo mokweza ngati wamisala: "Joana, kumanzereku kuli maluwa. Uko kuli mwana wa ng'ombe wamawanga. Mtambo uwo wakhala paphiri ngati duku." Agogo anu sanandiletse. Patsogolo pang'ono ndinawamva nawonso akuti, "Ndi khwangwala uyo, wa kolala yoyera ngati padiri."

Mayi anga anatiperekeza mpaka pamalire, m'kanjira komwe kaja tinathawira nkhondo. Anaima pamenepo n'kunena kuti, "Njira iyi inatipulumutsa kale, ndikhulupirira sinatope."

Kuchipatalako tinapeza mzere wa nkhalamba pakhonde, wina atagwira phewa la mnzake, wina ndodo. Khanda linali lathu lokha. Agogo ena osaona anamva kulira kwake n'kufunsa, "Mwaperekeza ndani, mwana wanga?" Nditati wodwala ndi mwanayu, anati, "Mayo ine!" n'kuuza anzawo kuti atipatse njira. Mzere wonse wa anthu osaona unapatuka, manja akutipapasa pamene tikudutsa, aliyense kufuna kukhudza kaphazi ka mwana.

Dotolo anamuunika ndi kanyali. Ine ndinafunsa funso limene ndinayenda nalo ulendo wonse: "Kodi ndi mkaka?" Anati ayi, mwana anabadwa nayo, zimachitika, palibe amene anathira, palibe amene anadula. Ndinayang'ana agogo anu, mapewa awo anatsika ngati achotsedwa goli. Kenako dotoloyo ananena chinthu chimene mpaka lero ndimachisinkhasinkha. Anati kuona mwana sabadwa nako kwathunthu, amachita kuphunzira monga amaphunzirira kuyenda, ndipo diso likakhalitsa mumdima ali wakhanda limaleka kufuna kuphunzira, ngakhale udzalitsegulire pambuyo pake. "Mwachedwerapo," anatero, "koma simunachedweretu. Maso a kabawi sindikukulonjezani. Tiyesa." Ine pulofesora wa setifikadu, ndinali ndisanaganizepo kuti diso nalonso limalowa shikola.

Anatifotokozera kuti m'diso muli kagalasi, ndipo ka Joana kanachita chifunga. Achotsa kameneko, ntchito yake izigwiridwa ndi mandala. Agogo anu anafunsa kukula kwa mpeni wake. Atawaonetsa, anati, "Aka? Kakuchepa kuposa ndi singano yosokera fodya yomwe," koma ndinaona kuti akhala pansi msanga.

Tsiku lake anandiletsa kumuyamwitsa. Palibe chimene chinandipweteka ngati chimenecho: mawere odzaza, mwana akulira akufunafuna ndi kamwa, ine osaloledwa. Anamutenga m'manja mwanga ali ndi njala, chitseko n'kutsekeka. Ndinakhala pabenchi ndikubwereza pemphero limodzimodzi mpaka mawu ake anasanduka mpweya chabe. Anayamba diso limodzi, patapita masiku linalo. Atamasula nsalu, mbuu uja kunalibe. Pakati panali bii, kuda kokongola kumene sindinaonepo, ndipo nditasuzumira ndinaonamo kamkazi kotuzula maso, katsitsi kosapesa. Ndinali ine. Ndinali nditalowa. Koma iye anali asanandione. Namwino anati popanda mandala zonse kwa iye n'chifunga chokhachokha, tidikire afike kuchokera kumzinda.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anapeka mwambi umenewu sanali ngati ine. Galimoto iliyonse ikalira ndinkathamangira kuchipata, moti alonda anayamba kumandigwedezera mutu ndisanafunse. Agogo anu ankagona pakhonde ndi amuna anzawo, masana n'kumawaza nkhuni kumalo ophikira odikirira odwala, akuyang'ana mitambo ya kumadzulo. Ndinkadziwa kuti akuganiza za fodya, koma sanamutchule ngakhale kamodzi.

Mandala anafika. Anali tinthu tating'ono, tokhuthala ngati pansi pa kapu, ta lamba womangira kumbuyo kwa mutu. Unali m'mawa, dzuwa likulowa pazenera. Ndinamukhazika mwana pamiyendo moyang'anana nane. Namwino anati, "Musalankhule kaye, mayi," n'kumuveka.

Maso ake, amene tsopano ankaoneka aakulu kuseri kwa magalasi, anavinavina monga amachitira mpaka lero mayi anu akatopa. Kenako anaima. Anaima pa ine. Ana inu, kuyang'anidwa kumeneku ndinakudikira chibadwire chake, ndipo m'maganizo mwanga ndinkaona akuseka. Sanaseke. Kamlomo kanapindika, anakuwa kulira kwa mwana amene wanyamulidwa ndi mlendo, akudzikankha ndi timapazi kuti andithawe. Sankandidziwa. Chinthu ichi cha mphuno ndi mano ndi maso otuzuka anali asanachionepo.

"Joana," ndinatero. "Ndine, mama. Ndine."

Anasiya kulira pakatikati. Ndiyeno anachita chinthu chimene palibe anamuphunzitsa. Anatsinzina. Anatsinzina zolimba n'kutsamira pachifuwa panga, kununkhiza, kumvetsera. Mumdima wake uja anandipeza, mayi ake amene ankawadziwa. Kenako anadzutsa mutu, anatsegula maso pang'onopang'ono: mlendo uja ali pomwepo. Ndinayamba kuimba kanyimbo kamene ndinkamutonthozera nako, iye maso dwii pamilomo yanga, kuona kumene nyimboyo imatulukira. Anatsinzinanso. Anatsegulanso. Namwino anali atagwira pakamwa, agogo anu ataima pakhomo chipewa m'manja, palibe wopuma.

Ulendo womaliza sanatsinzinenso. Anatukula kadzanja, kamene masiku onse kankangopapasa mumpweya, ndipo kanabwera molunjika, osaphonya, n'kugwira mlomo wanga wam'munsi nyimbo ili m'kati. Ndinapitiriza kuimba ndi tizala take m'kamwa.